Charlie sanabwere kudzadya

Achemwali anga a ku Chilomoni ananditumizira uthenga umene ukuzungulira pa gulu la WhatsApp la amayi a kutchalitchi kwawo. Pamwamba analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti makolo tichenjere, m'munsimo mndandanda wa mayina amene akuti achinyamata amatchulira kokeni, mankhwala ozunguza bongo a ufa woyera: snow, white, candy, girl, blow, Charlie, ndi ena ambirimbiri mpaka chala kutopa. Funso lawo linali lalifupi: "Achimwene, inu muli ku Johannesburg, kodi zimenezi n'zoona?"

Mayinawo ndi oona. Ambiri ndawamva ndi makutu angawa pa zaka zimene ndakhala ndikuperekera zakudya ndi zakumwa m'malesitilanti a kumpoto kwa mzinda uno. Vuto la mndandanda wotere n'lakuti umathira mayina onse pamodzi ngati ndi ofanana, pamene dzina lililonse lili ndi eni ake. Ukamva mmene munthu akutchulira ufa umenewu, wadziwa kale dera limene amagona, kulemera kwa thumba lake, ndiponso ngati apolisi atamugwira angagone m'chitokosi kapena angoimbira loya wake n'kukagona kunyumba.

Ndiyambe ndi Charlie, poti ndi amene ndimamudziwa bwino.

Lachisanu lina usiku ndinkaphunzitsa ntchito mnyamata wa ku Mangochi amene anali atangofika kumene. Tinamupatsa tebulo la anyamata a masuti ochokera m'maofesi a ku Sandton, aja amamasula tayi akangokhala pansi. Anaitanitsa nyama zodula, vinyo ndi mowa. Patapita kanthawi mnyamata uja anabwera kwa ine pafupi ndi khitchini ali ndi nkhawa.

"Akulu, ndiwonjezere mpando? Akufunsana kuti Charlie afika nthawi yanji. Mwina akudikira mnzawo."

"Usawonjezere, mphwanga. Ungoyang'anitsitsa tebulo lakolo, undiuza wekha."

Charlie anafika, koma palibe anamuona akulowa pakhomo. Mmodzi wa anyamatawo anatuluka panja ngati akukalandira foni, n'kubwerera posakhalitsa dzanja lili m'thumba. Kuchokera pamenepo anayamba kupita kuchimbudzi awiriawiri. Akabwerako maso ali mbee, akufwenthera ngati a chimfine, nsagwada zikuyenda zokha, aliyense akulankhula wopanda womvetsera. Wina akufotokoza za kampani imene ayambitse Lolemba, mnzake akumukumbatira kuti ndiwe m'bale wanga weniweni. Nyama ija inabwerera kukhitchini itangodulidwa pangodya, chifukwa ufawu umatseka chilakolako cha chakudya. Mowa wokha ndi umene unkayenda. Titatseka ndinamutenga mnyamata uja kukamuonetsa chivundikiro cha thanki ya madzi m'chimbudzi cha abambo: kafumbi koyera m'mphepete, timizere totsalira pamene khadi la kubanki linadutsa, ndipo pansi ndalama yapepala yokulungidwa ngati kapaipi. M'malo ena amene ndagwirako, bwana amatiuza kuti tizipaka Vaseline pamalo onse osalala m'chimbudzi kuti ufawo uzimatirira. Makasitomala amangosintha, n'kumatapa ndi nsonga ya kiyi. Kamlingo kapakiyi kameneko amakatcha bump, mzere wa patebulo amati line.

Dzina la Charlie ndi lotchuka kwambiri ku Britain, ndipo linangotsatira chilembo choyamba cha mawu a Chingelezi a mankhwalawa, cocaine. Ubwino wake kwa eni ake ndi woti ndi dzina la munthu. Ungalitchule pa foni mkazi wako ali pambali, ungalilembe mu uthenga, ungalifuule patebulo woperekera zakudya ali chiimire. Ku America amachita zofanana: kokeni amamutcha girl, heroin (mankhwala ena ozunguza bongo) n'kumutcha boy, ndiye wina akamafunsa za mtsikana pakona ya msewu ungaganize zina. Koma ine ndimaona kuti ntchito yaikulu ya dzinali si kubisira apolisi. Apolisi amalidziwa kalekale. Limabisira mwini wakeyo. Munthu amene sangavomere kuti amagula mankhwala ozunguza bongo mlungu uliwonse savutika kunena kuti Loweruka anacheza ndi Charlie.

Mayina ena ambiri amangotsatira maonekedwe. Snow ndi chipale chofewa chija chimagwa m'mayiko ozizira, ndipo lingaliro lomwelo lili m'zilankhulo zambiri: nieve m'Chisipanishi, neve m'Chitaliyana, Schnee m'Chijeremani. Ku Brazil amati pó, kutanthauza fumbi, kapena farinha, umene ndi ufa ndithu wophikira. Ena amatsatira mphuno, monga blow, sniff, beak ndi nose candy, ngati kuti ndi switi ya mwana. Ku Spain amati farlopa, ku Argentina merca, kudula mawu otanthauza malonda. Limene limandisangalatsa ndi perico, la ku Colombia ndi mayiko oyandikana nawo. Perico ndi kachinkhwe, kambalame kolongolola kaja, ndipo aliyense amene waimapo pafupi ndi tebulo ngati la Lachisanu lija safuna kumufotokozera chifukwa chake.

Kulongololako kuli ndi gwero lake mu ubongo. Munthu akasangalala, maselo a mu ubongo amatulutsa timadzi totchedwa dopamine, kenako amatibweza kuti zinthu zibwerere m'malo. Kokeni amatseka njira yobwezerayo, ndiye timadzito timangounjikana. Munthu amadziona wanzeru, wamphamvu, wokondedwa ndi aliyense. Koma sizikhalitsa. Wokokera m'mphuno amamva kukomako kwa mphindi 15 mpaka 30 basi, ndiye chifukwa chake maulendo a kuchimbudzi aja satha. Nthawi yomweyo mitsempha ya magazi imafinyika, mtima ukuthamanga, magazi akukwera. N'chifukwa chake munthu wa zaka makumi atatu wooneka wathanzi amatha kugwa ndi mtima kapena sitiroko. Kwa amene akoka zaka zambiri, kakhoma kolekanitsa mabowo a mphuno kamasowa magazi mpaka kuboola. Ndipo mowa uja unkayenda patebulo suchepetsa kanthu: chiwindi chikakumana ndi mowa ndi kokeni nthawi imodzi chimapanga chinthu chachitatu chotchedwa cocaethylene, chimene chimakhalitsa m'thupi n'kumavutitsa mtima koposa.

Pa mayina onse okoma amenewa palibe limene limanena za Lamlungu masana, munthu atadzitsekera m'chipinda, tulo kulibe, mtima uli pansi, akuwerengera ndalama zimene zapita. Ku England ndi Wales, kumene Charlie ndi dzina la nthabwala m'mabala, anthu 1,118 anafa mu 2023 pa imfa zokhudzana ndi kokeni. Mu 2011 anali 112.

Ife Amalawi si alendo pa nkhani yopatsa mayina zinthu zoopsa. Edzi itafika tinaitcha magawagawa, kaliwondewonde, matenda a boma. Anali mayina ozembera, oti unene pamaliro popanda kunena, koma sankanama. Kaliwondewonde ankafotokoza zimene maso akuona. Mayina a ufa wa anthu a ndalama amachita zosiyana, amanena za Lachisanu zokhazokha.

Chodabwitsa n'chakuti kale mankhwalawa analibe chifukwa chobisalira. Cha mu 1860 Albert Niemann, wophunzira za sayansi ku Göttingen m'dziko la Germany, anapatula mphamvu ya m'masamba a coca, chomera cha ku South America, n'kuipatsa dzina limene tikulidziwa leroli. Mu 1863 Angelo Mariani anayamba kugulitsa ku Paris vinyo wothira masamba a coca, Vin Mariani, ndipo anatchuka mpaka Papa Leo XIII anamupatsa mendulo. Mu 1884 Karl Koller, dokotala wa maso ku Vienna, anaonetsa kuti madontho a kokeni amachititsa dzanzi m'diso mpaka kulichita opaleshoni munthu ali maso. Chinali chinthu chachikulu pa zachipatala, ndipo mpaka pano jekeseni wa dzanzi amene amakubayani pozula dzino, monga lidocaine, ali ndi dzina lothera mofanana chifukwa cha kholo lakelo. Coca-Cola wa John Pemberton, amene anayamba ku Atlanta mu 1886, anali ndi kokeni pang'ono mpaka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Munthu ankalowa m'sitolo ya mankhwala n'kutchula dzina lenileni. Malamulo atayamba kutseka, monga la Harrison ku America mu 1914 ndi la ku Britain mu 1920, malonda anasamukira kumdima, ndipo kumdimako mayina anachuluka.

Tsopano tsikani nane kuchoka ku Sandton kupita ku Hillbrow, ulendo wa mphindi zochepa pa minibasi. Kumeneko simumva za Charlie. Amati rocks, miyala. Ndi kokeni yemweyo, kungoti wasandutsidwa timibulu tolimba toti tisutidwe m'kapaipi kagalasi. Dzina lake lodziwika padziko lonse ndi crack, ndipo linachokera ku kuthetheka kumene timiyalato timachita tikapsa. Utsi umafika ku ubongo m'masekondi ochepa, kukomako n'kutha pa mphindi 5 mpaka 10, ndiye munthu amafuna kena nthawi yomweyo. Kamwala kamodzi ndi kotsika mtengo, woti wosauka angakwanitse, koma palibe amene amagula kamodzi. Ndaonapo mnyamata m'mawa ali ndi nsapato zabwino, madzulo akuyenda chosavala, milomo itapsa, maso ali pansi kufunafuna m'ming'alu ya simenti ngati pagwa kanthu. Osasokoneza ndi nyaope kapena whoonga, zimene maziko ake ndi heroin, kapena tik wa ku Cape Town amene ndi mankhwala enanso. Pa mndandanda wa makolo zonsezi zimaoneka ngati chinthu chimodzi, koma zimawononga mosiyana.

Mukayenda m'mayiko ena mupeza zomwezo: ufa wa olemera uli ndi dzina lofewa, wa osauka uli ndi dzina lolimba kapena lonyansa. Ku Brazil crack ndi pedra, mwalanso, ndipo dera la pakati pa mzinda wa São Paulo kumene osuta akhala akusonkhana kwa zaka zambiri linatchedwa Cracolândia, dziko la crack. Palibe dera la olemera limene linatchedwapo dziko la ufa, chonsecho ufawo umakokedwa m'nyumba zosanja za mumzinda womwewo. Ku Colombia kuli basuco, phala losayengeka bwino lotsalira popanga kokeni, lokhala ndi zotsalira za mafuta ndi asidi, ndipo anthu kumeneko amati dzinalo likuchokera ku mawu otanthauza zinyalala. Ku Argentina chinthu chofananacho amati paco. Chinafala m'madera osauka a Buenos Aires chuma chitagwa mu 2001, mpaka amayi anapanga magulu olimbana nacho poona ana awo akutha. Dziko limene limalima ndi kuyenga limatumiza chabwino kunja, ana ake n'kumasuta zotsalira.

Wina anganene kuti awa ndi mayina chabe. Ku America dzina linasanduka zaka za kundende. Mu June 1986 Len Bias, mnyamata waluso pa basketball, anafa ndi kokeni patangopita masiku awiri timu ya Boston Celtics itamusankha. Dziko linagwedezeka, nyuzi zinali kale zodzaza ndi nkhani za crack, ndipo chaka chomwecho Pulezidenti Ronald Reagan anasaina lamulo lokhwima. Lamulolo linati wopezeka ndi magalamu 5 a crack pa mlandu wogulitsa alandire zaka zosachepera zisanu, chilango chofanana ndi cha wopezeka ndi magalamu 500 a ufa. Kusiyana kwa 100 pa 1, pa mankhwala amene mu ubongo amagwira ntchito imodzimodzi. Amene ankagwidwa ndi crack ambiri anali anthu akuda a m'madera osauka, ufa unali wa m'maofesi ndi m'mapwando. Ndipo Len Bias mwiniyo anafa ndi ufa, osati crack. Zinatenga mpaka 2010, pa nthawi ya Barack Obama, kuti kusiyanako kuchepetsedwe kufika pa 18 pa 1. Sikunathe, kunangochepa.

Ku Britain, mu 2019, nduna Michael Gove inavomera poyera kuti inakokapo kokeni kangapo ili mtolankhani wachinyamata. Anthu anakwiya masiku angapo, iye anapitiriza kukhala nduna. M'dziko lomwelo ana a zaka 14 kapena 15 amatumidwa pa sitima kuchoka ku London kapena Liverpool kukagulitsa timiyala m'matauni ang'onoang'ono, malonda amene amatchedwa county lines, ndipo ena amabwerako m'bokosi. Sindikunena kuti ndunayo ikanamangidwa. Ndikungoona kuti wina ali ndi mwayi wotcha zakezo kulakwitsa kwa paunyamata.

Amene amagwira ntchito yeniyeni nawonso ali ndi mayina, ndipo si okoma. Ku Colombia othyola masamba a coca amatchedwa raspachines, okwapula masamba, chifukwa amapurura nthambi ndi manja mpaka zikhatho kung'ambika. Mu 2023 dzikolo linali ndi mahekitala 253,000 a coca, malinga ndi nthambi ya United Nations yoona za mankhwala ozunguza bongo ndi upandu. Onyamula amatchedwa mula, nyulu, nyama yonyamula katundu. Wogula ku Sandton ali ndi mnzake Charlie, wonyamula ndi chiweto.

Tsamba lenilenilo ndi nkhani ina, ndipo a ku Bolivia ndi Peru amakwiya likasokonezedwa ndi ufa. Anthu a m'mapiri a Andes akhala akutafuna coca kwa zaka masauzande, pochepetsa njala, kutopa ndi chizungulire cha m'mapiri ataliatali, ndipo mpaka lero mlendo amalandiridwa ndi tiyi wa masamba amenewa. Pangano la United Nations la 1961 linaika tsambalo m'gulu limodzi ndi kokeni. Mu 2009 Evo Morales, pulezidenti wa Bolivia amene kale anali mtsogoleri wa alimi a coca, anatulutsa tsamba pamsonkhano wa ku Vienna n'kulitafuna pamaso pa nthumwi zonse. Dziko lake linatuluka m'panganolo n'kubwereramo mu 2013 litaloledwa kusunga mwambo wotafuna. Kwawoko amati coca si kokeni, ndipo akunena zoona: pamafunika masamba okwana makilogalamu mazana angapo, kuphatikizapo mafuta ndi mankhwala ena, kuti patuluke kilogalamu imodzi ya ufa.

Pali bodza lina limene mayinawa amanyamula, loti wogula akudziwa chimene wagula. Snow amamveka woyera, wopanda banga. Koma ufa ukamadutsa m'manja osiyanasiyana aliyense amathiramo zake kuti uchuluke. Chodziwika kwambiri ndi levamisole, mankhwala opha njoka zam'mimba mwa ziweto, amene mwa anthu ena amagwetsa maselo oyera a magazi n'kuwoletsa khungu, makamaka m'makutu. Amathiramonso mankhwala a dzanzi ngati benzocaine kuti wogula akapaka m'kamwa amve dzanzi n'kukhulupirira kuti wapeza weniweni. Ku America ena afa chifukwa mu ufamo munali fentanyl, mankhwala opha ululu amphamvu kwambiri. Ndiye pali tusi, ufa wa pinki umene unayambira ku Colombia n'kufalikira m'mapwando a ku Spain ndi America, wogulitsidwa ndi dzina loti kokeni wa pinki. Akaupima amapeza ketamine, mankhwala amene madokotala amagonetsera odwala pa opaleshoni, MDMA (amene ena amati ecstasy), caffeine ndi utoto. Kokeni nthawi zambiri mulibemo. Dzina lokha ndi limene likugulitsa.

Mindandanda ngati ya achemwali ija siyambira kutchalitchi. Bungwe la DEA, lolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo ku America, linatulutsa mu 2018 chikalata cha apolisi chokhala ndi mayina mazanamazana, ndipo pambuyo pake linatulutsa china cha tizithunzi ta pa foni: kachipale, kachidole kachipale, kiyi, mpira wakuda wa nambala 8 wa pa pool. Mpirawo uli ndi chifukwa chake, popeza eight ball ndi mlingo wa magalamu 3.5. Zimenezi zimakoperedwa, kudulidwa, kuwonjezeredwa, mpaka kufika pa foni ya mayi wa ku Chilomoni amene tsopano akuyang'ana mwana wake ndi diso lina chifukwa analemba mawu oti white kapena anaika kachipale pa chithunzi cha ayisikilimu. Mawu ambiri pa mindandanda imeneyi ndi mawu wamba, ndipo anasankhidwa dala chifukwa ndi wamba. Dzina likangofika pa mndandanda wa makolo ndiye kuti eni ake analitaya kale kapena amalinena moseka.

Ogulitsa akuluakulu salankhulanso zokometsera. Mu 2020 apolisi a ku France ndi Netherlands analowa m'mafoni achinsinsi a EncroChat n'kumawerenga mauthenga a zigawenga kwa miyezi ingapo. M'makhoti a ku Britain munamveka kuti kilogalamu ya kokeni ankaitcha top, ya heroin n'kuitcha bottom, chapamwamba ndi chapansi basi, ngati akugulitsa zovala. Kwa iwo ndi katundu wowerengedwa ndi matani. Padoko la Antwerp lokha ku Belgium anagwira matani 116 mu 2023, chaka chimene padziko lonse lapansi panapangidwa matani oposa 3,700, ogula ali pafupifupi 25 miliyoni.

Chimene ndinawayankha achemwali chinali choti asavutike kuloweza mayina. Kokeni ndi wodula, ndipo asanaoneke m'mawu amaonekera m'ndalama: foni yosowa, ngongole zosadziwika, katundu wa m'nyumba kuchoka mmodzimmodzi. Amaonekera m'tulo, munthu kuchezera usiku wonse akulankhula kenako kugona tsiku lathunthu ali wokwiya, ndi m'chimfine chosatha chotuluka timagazi. Ndinawauzanso kuti mwana wa ku Blantyre ali pafupi kwambiri ndi chamba, kachasu, mowa wa m'timabotolo totchipa ndi mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine kusiyana ndi ufa wa ku Andes. Ndipo zikafika poti thandizo likufunika, kuli chipatala cha Zomba Mental ndi a St John of God ku Mzuzu ndi Lilongwe, osangoti kumumanga miyendo kapena kumukalipira pagulu.

Pa mndandanda wonse uja panalibe dzina ngakhale limodzi la Chichewa, ndipo zimenezo zikunena kanthu. Chamba tinachipatsa ulemu wake, fodya wamkulu, chifukwa ndi chathu, chimamera m'mapiri a Nkhotakota, mpaka alendo anachitcha Malawi Gold. A ku Zambia anatcha timapaketi ta mowa tujilijili, ndipo dzinalo linali pakamwa pa aliyense boma lawo lisanaletse timapaketito mu 2012. Chinthu chimalandira dzina la pakhomo chikakhala kuti chalowa m'nyumba zambiri. Kokeni kwathu akadali mlendo wa m'mahotela ndi m'mapwando a ochepa, wotchulidwa m'Chingelezi.

Izi sizikutanthauza kuti sitikukhudzidwa. Dera lathu lino ndi njira. Doko la Durban limalandira makontena ochokera ku Brazil, ndipo nthawi zina mkati mumapezeka zimene sizinalembedwe pa mapepala. Mu November 2021 makilogalamu 541 a kokeni amene anagwidwa anabedwa m'maofesi a Hawks, apolisi ofufuza milandu ikuluikulu kuno ku South Africa, m'tauni ya Port Shepstone, m'manja mwa boma mwenimweni. Ndege za pakati pa São Paulo ndi bwalo la OR Tambo kuno ku Johannesburg zimadziwika ndi anthu omeza timibulu tokulungidwa m'pulasitiki, ndipo kamodzi kakaphulikira m'mimba munthu amatha kufa asanafike kuchipatala. Mbali yathu pa malonda amenewa, ife osauka a kumwera kwa Africa, kawirikawiri si ya wogula kapena ya bwana. Ndi ya nyulu.

Ndipo pa mbali imeneyi mawu ake si achilendo ayi. Ndi athu omwe, aja timanena tsiku lililonse pokwereka zinthu pa basi ya ku Blantyre: katundu, kaphukusi, kachikwama ka mnzanga. Mayi wina wa m'gulu lathu la maliro kuno, wogwira ntchito ya m'nyumba, ana atatu ali kumudzi kwa agogo awo, anandikokera pambali titamaliza msonkhano.

"Achimwene, mundithandize nzeru. Pali bambo wina akuti andilipirira tikiti ya ku Brazil, ndikagule tsitsi la mawigi ndizidzagulitsa kuno. Hotela alipira, ndalama ya m'thumba andipatsa. Pobwera ndingomunyamulirako kachikwama kamodzi ka mnzake."

"Mwamufunsa kuti m'kachikwamamo muli chiyani, mayi?"

"Akuti ndi katundu wa bizinesi basi. Ndi munthu wabwinobwino, amapemphera."

Ndinawafotokozera zimene ndikudziwa: kuti tikiti yaulere yopita ku São Paulo kulibe, kuti ndende za kumeneko zili ndi akazi ambiri ochokera kuno kumwera kwa Africa amene anapitira tsitsi ndi nsapato, kuti m'tauni ya Itaí muli ndende yosungira amuna akunja okhaokha, ndiponso kuti pabwalo la ndege mlandu umagwera amene dzina lake lili pa chikwama. Anamvetsera, koma ndinaona kuti mutu wawo uli pa fizi ya mwana wa Fomu 3. Chimene chinawaletsa si mawu anga. Pasipoti yawo inali ndi masiku opitirira, ndipo bambo uja ataiona anati sizitheka. Mlungu wotsatira anali atapeza kale mayi wina wa mapepala abwino.